Ngalawa Zitatu za m'Mbiri Yathu

Mtundu uli wonse wa anthu uli ndi zaka zimene suziiwala, cifukwa pa zaka zimenezo njira yace idakhota. Anthu a ku Amerika amaphunzitsa ana ao caka ca 1776, pamene makolo ao adakana kulamulidwa ndi mfumu ya ku Mangalande, ndi caka ca 1865, pamene ukapolo udathetsedwa m'dziko mwao itatha nkhondo ya pacibale ya zaka zinai. Nanga ife a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche kufikira ku Usisya ndi kuno ku Ruarwe, tidzawayankha ciani ana athu akatifunsa zaka zathu? Kuno phiri lili kumbuyo, madzi ali kumaso, ndipo mlendo amadza ndi bwato. Cifukwa cace mbiri yathu tiiwerenga pa ngalawa zitatu.

Yoyamba ndiyo ngalawa ya matanga ya Aluya. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene ankachedwa Jumbe, adamanga mudzi wace ku Nkhotakota, nakhoma zombo zoolotsera minyanga ya njobvu ndi akapolo kunka tsidya la kum'mawa. Kucokera uko anthu ankayenda m'magoli miyezi yathunthu kufikira ku Kilwa, ndipo ambiri mwa otsala ndi moyo ankakagulitsidwa ku Zanzibar. Mtengo wao udali mfuti, wonga, mikanda, ndi nsalu yoyera imene Aswahili ankaicha merikani popeza inkacokera ku Amerika. Taonani cinthu comvetsa cisoni: thonje la nsaluyo adalima ndi akapolo akuda a ku Amerika, ndipo itafika kuno, nsalu yomweyo inkagula akapolo ena.

Pamene zombo zinkadya anthu pa madzi, nkhondo ya Angoni inkatsika kumapiri. Iwo adaoloka Zambezi mu 1835 ndi mfumu yao Zwangendaba, ndipo patapita zaka ngati makumi awiri, anthu a M'mbelwa adadzakhazikika kumtunda kwathuku. Makolo athu adasiya minda. Ena adathawira pa miyala ya m'nyanja, ena adapanikizana m'malinga, monga la Mankhambira ku Chintheche ndi la Marenga ku Bandawe. Dr David Livingstone poyenda m'gombe lino mu 1861, caka comwe nkhondo ija idabuka ku Amerika, adapeza midzi yopsa ndi mitembo m'mbali mwa madzi. Koma makolo sadangopinda manja ai. M'zaka za m'ma 1870 Atonga amene adagwidwa ndi Angoni adathawa kubwerera kwao, ndipo nkhondo imene idawalondola idagonjetsedwa pa Chintheche.

Yaciwiri ndiyo Ilala, sitima yaing'ono yoyendera nkhuni. Amtengatenga mazana ambiri adaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire, ndipo idalowa m'nyanja pa 12 October 1875, itatenga E. D. Young, Dr Robert Laws ndi anzao a ku Scotland. Tinene zoona: anthu amenewa sadali a Eklezia wathu, koma ndiwo adayamba kutiphunzitsa kuwerenga. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, ndipo sukulu zao zidafalikira m'midzi ya gombe lino. Nako ku Ulaya, mu 1888, Kardinala Lavigerie adayenda m'mizinda ikuluikulu nadzudzula malonda a anthu. Ansembe ace adafika kwa Mponda mu 1889, ngakhale kuno kumpoto misyoni yathu yoyamba idadzamangidwa ku Katete mu 1938. Boma la Angerezi lidakhazikika mu 1891, ndipo mu December 1895 malinga a Mlozi, mkulu wa ogula akapolo ku Karonga, adagwetsedwa. Atonga ambiri adamenya nao nkhondo yolimbana ndi Mloziyo.

Goli lidacoka, koma sitima idadza ndi katundu wace. Boma lidafuna msonkho wa ndalama, ndipo ndalama kunyanja kudalibe. Anyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga adayamba kutuluka: poyamba ku Mandala ku Blantyre, kenaka ku Halale, potsiriza ku migodi ya ku Joni. Ena adabwerako ndi makina osokera ndi ndalama zomangira nyumba za njerwa. Ena adachuka, monga Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 adayambitsa bungwe lalikulu la anchito akuda ku Cape Town. Koma ambiri adasanduka machona, nasiya akazi ao akulima cinangwa ndi kulera ana okha. Kale amuna adatha m'midzi ndi mkondo. Tsopano adatha ndi ulendo.

Yacitatu ndiyo Mpasa. Mu 1953 dziko lathu lidalumikizidwa ndi maiko awiri a Rhodesia m'Citaganya, eni dziko asakufuna. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalamula kuti atsogoleri a Congress agwidwe. Dr Banda adatumizidwa ku ndende ya ku Gwelo, ndipo ogwidwa a cigawo cino adawatsekera m'sitima ya Mpasa pa doko la Nkhata Bay. Mbiri itamveka, khamu la amuna ndi akazi lidatsikira ku doko kukafuna abale ao. Asilikari adaombera, ndipo anthu osacepera 20 adafa tsiku lomwelo. Onani kusiyana kwace: m'masiku a Jumbe, ngalawa ikatenga munthu, otsala ankabisala m'chire, tsiku ili otsala adaima poyera pa gombe, opanda mfuti, kukana kuti anzao atengedwe. Citaganya cidatha mu December 1963, ndipo pa 6 July 1964 dziko lidalandira ufulu ndi dzina lace la Malawi.

Tsono, atate ndi amai, nkhani izi tazilemba cifukwa nyanja ikutengabe ana athu. Lero anyamata ndi atsikana akunkabe ku Joni, ena opanda ziphaso, m'manja mwa anthu owalonjeza nchito amene salabada ngati adzafika ndi moyo. Sitikuletsa ulendo, pakuti njala tikuidziwa tonse. Koma mwana asanakwere bwato, banja likhale pansi lifunse bwino: akunka kwa yani, ndani akumtenga, adzalipira ciani? Makolo athu adalipira mwazi kuti munthu aleke kukhala katundu wa malonda. Tisambwezere ife tokha m'goli.

Madzulo, posoka cilimira kapena poyembekeza kondowole kuti apse, auzeni ana zaka izi: 1861, 1875, 1895, 1959, 1964. Ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene idaona za Mpasa, kapena imene atate ace adachona, tumani ana akakhale pa mapazi ace ndi pensulo, alembe maina onse amene ikumbukira. Mau a akulu akoma akagonera, koma akulu sakhalitsa. Mulungu asunge mabanja anu.