Adzanyamule wotchi ndani ku Martinsville?

Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Mawuwa amapherezera kawiri pachaka pabwalo la Martinsville, m'chigawo cha Virginia ku America, pomwe akatswiri oyendetsa galimoto mumpikisano wa NASCAR amakachotsana chimbenene. Tsiku likamayandikira, ochemerera amayamba kulosera asanu omwe adzatsirize patsogolo, koma ambiri mwa iwo amagwa nayo.

Galimoto zampikisanowu zimaoneka ngati Chevrolet, Ford kapena Toyota wamba, chonsecho m'kati mwake ndi zilombo. Bwalo la Martinsville, lomwe adalitsegula mu 1947 ndi H. Clay Earles, ndi lalifupi zedi: mamita 847 okha, kungoposa pang'ono mtunda wozungulira bwalo la mpira kawiri. Apa pamathithikana galimoto zoposa 30, ndipo mumpikisano wakumapeto kwa chaka zimazungulira maulendo 500, womwe ndi mtunda wa makilomita 423.

Wopambana sangolandira ndalama. Kuyambira mu 1964, amapatsidwanso chiwotchi choimika pansi, chachitali kuposa munthu wamkulu, ndipo madalaivala amachilakalaka kuposa zikho zambiri.

Nanga wolosera ayambire pati? Choyamba ndi kuiwala zaliwiro. Bwaloli lili ndi misewu iwiri yowongoka komanso makona akuthwa mbali zonse ziwiri, choncho dalaivala amaponda mabuleki mwamphamvu kawiri paulendo uliwonse. Pa maulendo 500, ndiye kuti aponda ka 1,000. Wopupuluma amawotcha mabuleki ndi kudya matayala akumbuyo mpikisano usadafike ndi pakati pomwe.

Chachiwiri ndi pomwe dalaivala wayambira. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Msewuwu ndi wopanikizika moti kupitirira mnzako n'kovuta, ndipo wotsalira amapezedwa msanga ndi otsogola. Yemwe wachita bwino pa mpikisano wachipulula wopezera malo oyambira amayambanso ndiye kusankha malo osinthirapo matayala, ndipo kawirikawiri amatenga oyandikira potulukira.

Chachitatu ndi mbiri. Bwaloli limakonda eni ake. Richard Petty adapambanapo ka 15, Darrell Waltrip ka 11, pomwe Jeff Gordon ndi Jimmie Johnson adapambanapo ka 9 aliyense. Wodziwa kuvina kwa pano amabwereza.

Potengera mfundozi, dzina loyamba pamndandanda ndi William Byron wa timu ya Hendrick Motorsports. Mnyamatayu adanyamula wotchi mu April 2022, mu April 2024 komanso mu October 2025. Timu yakenso imadziwa bwaloli ngati khomo la kwawo: chipambano chake choyamba chidali pomwepa mu 1984 kudzera mwa Geoff Bodine, ndipo mu April 2024 idasesa malo atatu oyamba, Byron patsogolo, Kyle Larson pachiwiri, Chase Elliott pachitatu.

Womupumira m'khosi ndi Ryan Blaney wa Team Penske, yemwe adapambana mipikisano yakumapeto kwa chaka mu 2023 ndi mu 2024. Mkuluyu amadziwika ndi kusunga matayala, kenako n'kudzabwera mwaukali ena atatopa.

Wachitatu ndi mkhalakale Denny Hamlin wa Joe Gibbs Racing, mwana wakumudzi chifukwa adakulira ku Virginia komweko. Chipambano chake cha mu March 2025 chidali cha nambala 6 pabwaloli. Malo awiri otsalawo akuyenera Larson, yemwe adapambana mu April 2023, ndi Elliott, yemwe adapambana mu November 2020.

Komatu wolosera asadzigugude pachifuwa, chifukwa pabwalo laling'ono galimoto zimagundana, ndipo madalaivala amasungirana mangawa. Choiwala ndi nkhwangwa, mtengo suiwala.

Mu November 2015, Joey Logano adabwera atapambana mipikisano itatu motsatizana ndipo ankatsogola bwinobwino. Matt Kenseth, yemwe Logano adamugunda ku Kansas masabata awiri m'mbuyo mwake, adali atatsalira kutali, koma adamudikirira n'kumukankhira kukhoma mwadala. Kenseth adaletsedwa mipikisano iwiri, Logano maloto ake aukatswiri wa chakacho adasokonekera kwambiri, ndipo wotchi adatenga ndi Gordon.

Zina zidachitika pa 30 October 2022. Ross Chastain, wochokera kubanja la alimi a mavwende ku Florida, adali pa nambala 10 paulendo womaliza ndipo ankafunika mapointi ochepa kuti alowe m'ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri. M'malo moponda buleki pakona, adatsamiritsa galimoto kukhoma n'kuponda moto mpaka pamzere, kupitirira galimoto zisanu. Hamlin, yemwe adali ataika kale mwendo umodzi m'ndimeyo, adatsala kukamwa kuli yasa. Mu January 2023 akuluakulu a NASCAR adaletsa mchitidwewu ponena kuti ungaphetse anthu.

Choncho wofuna kulosera alembe Byron, Blaney, Hamlin, Larson ndi Elliott, koma alembe ndi pensulo. Asadatseke mndandanda wake, ayambe wafufuza zinthu ziwiri: ndani mwa asanuwa wayambana ndi mnzake m'masabata apitawa, nanga ndani kumbuyoko wapanikizika moti akhoza kuchita chilichonse kuti apulumuke.