Kuchotsa Eyakoni ndi Pawa Siteringi pa Injini ya Galimoto Yakale

Mawu oyamba

Amalume anga ali ndi galimoto ya mtundu wa Toyota Corolla yomwe inapangidwa ku Japan m'chaka cha 1992, ine ndisanabadwe n'komwe. Galimotoyi amanyamulira anthu pakati pa Chikwawa ndi Blantyre, ndipo gawo lalikulu la ndalama za fizi yanga limachokera m'menemo. Pa tchuthi chapitachi galimotoyi inadwala nthenda ziwiri nthawi imodzi. Kompuresa ya eyakoni inayamba kulira ngati chigayo, ndipo pampu ya pawa siteringi inkadontha oyilo moti m'mawa uliwonse ankathiramo wina. Atafunsa mitengo ya zipangizo ziwirizi anapeza kuti sangakwanitse. Anzawo a pa siteji anawalangiza mwachidule kuti, "Achimwene, ingochotsani malambawo. Chimayendetsa galimoto ndi injini, osati mphepo yozizira."

Malangizowa ali ndi zoona zake, koma ndi operewera. Ndinakhala masiku atatu pa galaja ina ku Ndirande ndikupatsira masipanala kwa amakaniko omwe anagwira ntchitoyi, ndipo nkhani ino ikufotokoza zomwe ndinaona ndi kuphunzira kumeneko. Mfundo yanga ndi yakuti injini ikhoza kuyenda bwino popanda zipangizo ziwirizi, koma galimoto yomwe inapangidwa nazo inakonzedwa mozidalira, choncho wozichotsa ayenera kudziwa chilichonse chomwe chalumikizana nazo. Mayina ambiri a zipangizo ndi mawu obwereka, ndipo ndawalemba monga momwe amawatchulira pa galaja.

Momwe injini imagawira mphamvu

Injini imatentha petulo n'cholinga chozungulitsa chitsulo chachitali chotchedwa crankshaft. Mbali imodzi ya chitsulochi imapereka mphamvu ku magiya ndi ku matayala. Mbali inayo ili ndi kawilo kotchedwa pule, komwe kamazungulitsa zipangizo zina kudzera m'malamba a labala. Mwa zipangizozi, ziwiri ndi zofunika kwambiri. Choyamba ndi alternator, yomwe imapanga magetsi n'kumadzaza batire. Chachiwiri ndi pampu ya madzi, yomwe imayendetsa madzi pakati pa injini ndi rediyeta kuti injini isatenthe mopitirira muyeso. Kompuresa ya eyakoni ndi pampu ya siteringi zinabwera pofuna kuti woyendetsa asamavutike. Kampani ya Packard ya ku America inayamba kuika eyakoni m'magalimoto mu 1939, ndipo pawa siteringi inayamba kugulitsidwa m'galimoto za anthu wamba mu 1951 pa Chrysler Imperial. Zisanabwere zimenezi, magalimoto anali atayenda kale zaka makumi angapo.

Funso loyamba lomwe amakaniko anadzifunsa atatsekula boneti linali lakuti, kodi injiniyi ili ndi malamba angati? Injini ya amalume, yotchedwa 5A-FE, ili ndi malamba atatu akunja. Wina amayendetsa alternator ndi pampu ya madzi, wina kompuresa, ndipo wachitatu pampu ya siteringi. Pa injini yotere ukhoza kuchotsa malamba awiri omalizawa osasokoneza woyambayo. Magalimoto ambiri a pambuyo pake ali ndi lamba mmodzi wamtali yemwe amakhotakhota ngati njoka n'kuyendetsa zipangizo zonse. Pa injini yoteroyo, ukachotsa kompuresa uyenera kupeza lamba wamfupi kapena kuika pule yongozungulira pamalo pomwe panali kompuresayo. Utali wa lamba watsopano amauyeza pokulunga chingwe m'mapule otsalawo. Pamafunikanso kusamala kuti lamba adutse mbali yomwe ankadutsa kale, chifukwa pa injini zina pampu ya madzi imayendetsedwa ndi msana wa lamba. Ukaulakwitsa, pampuyo imazungulira chobwerera, madzi sayenda bwino, ndipo injini imapsa.

Monga wophunzira ziyankhulo, ndinachita chidwi kumva kuti malamba onsewa amawatchula kuti fani beluti. Dzinali linachokera ku magalimoto akale omwe fani yake inkazunguliradi ndi lamba. Fani ya Corolla iyi imayendera magetsi, koma dzina lija linakanirira.

Kuchotsa eyakoni

Eyakoni imagwira ntchito ngati firiji. Kompuresa imapanikiza gasi n'kumutumiza ku kondensa, yomwe imakhala kutsogolo kwa rediyeta. Kumeneko gasiyo amazizira n'kusanduka wamadzimadzi. Kenaka amalowa m'kabokosi kotchedwa evaporator komwe kali kuseri kwa dashibodi, amasandukanso mpweya, ndipo potero amayamwa kutentha kwa m'galimoto. Pa pule ya kompuresa pali clutch yoyendera magetsi. Eyakoni ikakhala yozimitsa, pule imangozungulira payokha ndipo siidya mphamvu yambiri. Izi zikutanthauza kuti munthu amene eyakoni yake ili bwino sapulumutsa petulo wochuluka poichotsa. Kungoizimitsa n'kokwanira. Vuto la amalume linali lakuti beringi ya puleyo inali itatha, ndipo ikanagwira, lamba akanaduka ali pa liwiro n'kukola malamba enawo.

Ntchito isanayambe, amakaniko anachotsa waya wa negativu pa batire. Chachiwiri chinali gasi. Magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1994 ambiri ankagwiritsa ntchito gasi wotchedwa R-12, yemwe amaononga mpweya wa ozone womwe umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Mayiko anagwirizana zosiya gasi wa mtundu umenewu pa pangano la ku Montreal mu 1987, ndipo mayiko osauka anapatsidwa mpaka chaka cha 2010 kuti asiyiretu. M'malo mwake munabwera R-134a, yemwe saononga ozone koma amatenthetsa dziko kuposa mpweya wa carbon dioxide maulendo opitirira 1,000. N'chifukwa chake si bwino kungomasula paipi kuti gasi athawire m'mlengalenga. Palinso ngozi kwa munthu womasulayo. R-12 amawira pa madigiri pafupifupi 30 pansi pa ziro, moti akakuthovukira pa khungu kapena m'maso amawotcha ndi kuzizira kwake, ndipo akakumana ndi moto wowotcherera zitsulo amatulutsa utsi wapoizoni. Ife tinaitana munthu wokonza mafiriji yemwe anayeza kaye, n'kukokera gasi wochepa yemwe anatsalamo m'botolo lachitsulo.

Zitatero, ntchito yotsalayo inali ya masipanala. Anamasula kapule komwe kamakunga lamba, n'kuchotsa lambayo. Anazula waya wa clutch n'kuukulunga ndi tepi kuti usakhudze chitsulo. Anamasula mapaipi, kenaka mabawuti a kompuresa, ndipo pomaliza anachotsa kondensa. Evaporator anaisiya momwemo, chifukwa kuichotsa kumafuna kuphwasula dashibodi yonse. Anangotseka timapaipi take kuti fumbi lisalowe. Apa amakaniko anandionetsa mapaipi awiri a labala omwe amalowa m'galimoto pafupi ndi pomwepo, nati, "Iwe, awa si a eyakoni. Awa ndi a hita, muli madzi a injini. Ukadula awa, madzi onse athera pansi." Atamaliza analiza injini mpaka itatentha kuti aone ngati fani ya rediyeta ikuyaka pa nthawi yake, popeza mawaya a fani ndi a eyakoni amakumana.

Kuchotsa pawa siteringi

Mbali iyi ndiyo yofunika kusamala koposa, chifukwa ikukhudza moyo wa anthu okwera. Chiwongolero cha Corolla chimalumikizana ndi kagiya kakang'ono komwe kamakankha chitsulo chamano chotchedwa rack kumanja kapena kumanzere, ndipo rack imakhotetsa matayala. Pa galimoto ya pawa siteringi, m'kati mwa rack muli pisitoni. Pampu imakankha oyilo wofiira, ndipo woyendetsa akapotoza chiwongolero, valavu imatumiza oyiloyo mbali imodzi ya pisitoni kuti athandize kukankha. Mphamvu yake si yamasewera. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa pafupifupi 2 bar, pomwe pampu ya siteringi imatha kufika pa 70 bar kapena kuposera apo. Mosiyana ndi kompuresa, pampuyi ilibe clutch. Imazungulira nthawi yonse yomwe injini ikulira, ndipo oyilo akathamo imagwira.

Amalume asanapite ku galaja anali atayesa kale malangizo a anzawo aja. Anachotsa lamba wa pampu n'kutsika ndi anthu anayi m'makhotakhota a mumsewu wa M1, kuchoka ku Blantyre kutsetserekera ku Thabwa. Madzulo ake anandiuza kuti, "Mphwanga, lero ndafika ndi chisomo chabe. Pa kona iliyonse ndimachita ngati ndikulimbana ndi ng'ombe." Chomwe chinawadabwitsa n'chakuti anaphunzira kuyendetsa pa galimoto yopanda pawa siteringi, ndipo sinkalemera choncho.

Zifukwa zake zilipo zitatu. Choyamba, rack ya pawa siteringi inapangidwa kuti matayala azikhota kwambiri munthu atangopotoza pang'ono, poti pali pampu yomuthandiza. Rack ya manja imafuna kupotoza maulendo ochulukirapo, koma ulendo uliwonse ndi wopepuka, monga momwe giya yaing'ono ya njinga imapepukitsira chitunda. Chachiwiri, pampu ikaima, woyendetsa amakankha matayala komanso oyilo yemwe watsala m'kati, yemwe amayenera kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Chachitatu, m'valavu muja muli kachitsulo kopyapyala komwe kamapotoka pang'ono kuti valavu itseguke. Pakakhala palibe pampu, kachitsuloka kamayamba kapotoka matayala asanamve, ndipo chiwongolero chimakhala ngati chili ndi mpata.

Amakaniko anatchula njira zitatu. Yoyamba ndi yolumikiza mabowo awiri a pa rack ndi paipi imodzi kuti oyilo azingoyendayenda momasuka, n'kusiyamo oyilo pang'ono wofewetsa zitsulo. Njirayi ndi yotchipa ndipo imapepukitsako chiwongolero, koma siichotsa mpata uja. Chosayenera kuchita ndi kutseka mabowowo ndi mabawuti oyilo ali wodzaza, chifukwa amasowa kolowera ndipo chiwongolero chimauma. Njira yachiwiri ndi yophwasula rack, kuchotsa labala wa pa pisitoni, kupaka girisi ndi kuwotcherera valavu. Imeneyi imafuna mmisiri wodziwadi, chifukwa powotchererapo pakathyoka pa msewu ndiye kuti chiwongolero chasokonekera. Njira yachitatu ndi yoika rack ya manja yochokera pa galimoto ya mtundu womwewo. Ma Corolla ena otsika mtengo a zaka zimenezo ankatuluka ku fakitale alibe pawa siteringi, choncho rack zotere zimapezeka kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa. Amalume anasankha njira yachitatuyi, ngakhale kuti tinayenda tsiku lathunthu tikufunafuna rack yokhala ndi kolumikizira kolingana ndi chiwongolero chawo.

Pochotsa pampu panali kanthu kena kakang'ono komwe munthu akhoza kuiwala. Pa pampu za Toyota za nthawi imeneyo pali timapaipi tiwiri ta mpweya topita ku injini, tomwe timakweza kulira kwa injini munthu akamakhota ataima. Tikasiyidwa pululu, injini imayamwa mpweya wosayenera n'kumalira modukizadukiza, choncho anatitseka. Rack yatsopano itamangidwa, galimoto inapita kokayezetsa alayimenti, apo ayi matayala akutsogolo akanadyeka mbali imodzi. Amakaniko anachenjezanso kuti ntchitoyi si ya galimoto iliyonse. Magalimoto ena akuluakulu a dizilo, makamaka a ku America, mabuleki ake amathandizidwa ndi pampu ya siteringi yomweyo, ndipo kuichotsa kumalemetsanso mabuleki.

Zomwe tinapeza ndi zomwe tinataya

Phindu lilipo. Amalume sagulanso oyilo wofiira uja, malamba osamalira anatsala mmodzi, ndipo m'boneti muli malo oti dzanja n'kulowa. Kondensa itachoka, mphepo imafika pa rediyeta popanda chotchinga, zomwe zimathandiza pokwera phiri kuchokera ku Chikwawa galimoto itadzaza. Petulo amapulumukako, koma pang'ono, osati monga momwe anzawo a pa siteji ankanenera.

Zotayika ziliponso. Aliyense wodziwa kutentha kwa m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala amvetsa chifukwa chomwe okwera ena amasankhira Sienta ya mawindo otseka. Eyakoni imaumitsanso mpweya, choncho nyengo ya mvula inkathandiza kuchotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo. Tsopano amalume amayenda ndi kansalu pa dashibodi ndipo amatsekula windo pang'ono. Poimika galimoto pamalo opanikizika mu Limbe, manja amagwira ntchito, ndipo matayala akutsogolo akaphwa pang'ono chiwongolero chimalemera nthawi yomweyo. Komanso tsiku lomwe adzafune kuigulitsa, wogula adzachotsera mtengo.

Mawu omaliza

Nkhaniyi yaonetsa kuti kuchotsa eyakoni n'kosavuta malinga munthu asamale gasi, njira ya lamba, mapaipi a hita ndi mawaya a fani. Yaonetsanso kuti kuchotsa lamba wa pampu ya siteringi sikusandutsa galimoto kukhala ya chiwongolero cha manja, koma kumangoisiya ndi pawa siteringi yakufa. Galimoto yonyamula anthu imayenera kuyezedwa kuti ipatsidwe chiphaso cha COF, ndipo chiwongolero ndi chimodzi mwa zinthu zomwe amayang'ana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Amalume anafunsa atatsika kale phiri la ku Thabwa ndi anthu anayi, ndipo mwamwayi palibe chinachitika. Tsiku lomwe ndinkabwerera ku sukulu anandiperekeza pa galimoto yomweyo mpaka pa depoti, mawindo onse ali otsekula, ndalama ya fizi ili m'thumba mwanga.