Kodi mumadziwa? Mchenga wa ku Chintheche ndi eni ake

Kodi mumadziwa kuti mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi adakwera kupitirira mamita 476 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere? Chikwerere chotere chidaoneka komaliza cha m'ma 1980. Ku Chintheche, monga ku Salima ndi ku Mangochi, mchenga umene alendo amaotherapo dzuwa udamira, mafunde n'kumagogoda pakhonde.

Nanga zoti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanjayi idaphwa kwambiri moti Shire adasiya kutulutsa madzi, mchenga utatseka pakamwa pake? Nyanjayi imapita n'kubwerera. Madzi akakwera, ambiri amaloza chala Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, koma madzi ochuluka amachoka m'nyanjamu ndi dzuwa ndi mphepo, a Shire ndi ochepa.

Kodi mumadziwa kuti Atonga a ku Chintheche adalembedwa m'buku lodziwika m'mayunivesite? Jaap van Velsen adakhala pakati pawo m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1964 adatulutsa The Politics of Kinship. Adapeza kuti amuna ambiri anali ku Harare ndi ku Joni, amayi atatsala kusamala minda ya chinangwa. Mwamuna ngakhale atachona zaka zambiri ankatumizabe ndalama ndi katundu kuti dzina lake lisafufutike pamudzi, chifukwa malo sankagulidwa, ankabwera ndi chibale.

Ndiye kudabwera za pepala. M'zaka za m'ma 1970 boma lidakonza zomanga fakitale yaikulu ya mapepala ku Chintheche, yoti izidya paini wa ku Chikangawa. Malo adatengedwa, mabanja adasamutsidwa. Fakitaleyo sidamangidwe mpaka lero.

Apa mpamene pagona nkhani. Madzi akakwera amavuta aliyense, koma sapweteka mofanana. Mwini loji ali ndi mapepala a malo, amathira miyala ndi matumba a mchenga, mwina n'kumanganso chakumtunda. Msodzi wa chilimira amangofuna pokocheza bwato, mayi wa usipa amafuna poimika thandala. Akati abwerere m'mbuyo amagunda mpanda wa munthu, ndipo kanjira kopita kudoko nthawi zina kamakhala katatsekedwa kale. Usipa ukasowa poyanika umaonongeka tsiku lomwelo, ndipo woluza ndi mayi amene adaugula m'bandakucha ndi ndalama ya kubanki m'khonde.