Gambia, dziko limene nyanja imakwera mtsinje

Tsegulani mapu a Africa muyang'ane kumadzulo kwenikweni, kumene dziko la Senegal lagundana ndi nyanja ya Atlantic. Mukaonetsetsa mupeza kadziko kowonda ngati chala, kolowa m'mimba mwa Senegal. Kameneko ndi ka Gambia, dziko laling'ono kuposa onse mu Africa tikapatula a pazilumba.

Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 11,300, pamene Malawi ndi 118,484. Ndiye kuti Gambia angalowe m'Malawi kakhumi, malo n'kutsalako. Mulifupi mwake simufika makilomita 50, ngati kuchoka kuno ku Chonde kupita ku Limbe basi. Kumpoto, kum'mawa ndi kumwera konse wazunguliridwa ndi Senegal. Kumadzulo kokha ndiye kuli gombe la makilomita pafupifupi 80. Likulu lake, Banjul, lili pachilumba, pamene mtsinje wa Gambia umathira m'nyanja.

Mtsinjewo ndiwo unaumba dzikoli. Mu 1889 Angerezi ndi Afalansa anagwirizana kuti Angerezi atenge mtsinje pamodzi ndi kachigawo ka mtunda kutsidya lino ndi kutsidya ilo, n'chifukwa chake malire ake amakhotakhota motsata madzi. Ufulu analandira mu 1965, patangotha miyezi ingapo ife titalandira wathu mu 1964. Iwo ali madigiri 13 kumpoto kwa equator, ife kuno madigiri 16 kumwera, choncho mvula yawo imagwa kuyambira June mpaka October. Imayamba pamene ife tikunjenjemera ndi chiperoni.

Komatu ine, monga mphunzitsi wa physics, nambala imene imandigwira mtima ndi ina. M'dziko lonse la Gambia mulibe malo ofika ngakhale mamita 100 pamwamba pa nyanja. Kuno ku Chonde tili pamamita oposa 600, ndipo Sapitwa ali pa 3,002. Tiketulo ya ku Banjul imawira pa 100°C monga mabuku anenera, koma pamwamba pa Sapitwa madzi amawira pafupifupi pa 90°C chifukwa mpweya wokanikiza madziwo ndi wochepa. Wophika nyemba kumeneko akhale wodekha.

Tsono taonani zimene kutsika kwa dziko kumachita ndi mtsinje. Madzi a m'Thuchila amatsikira mu Ruo, Ruo amathira mu Shire pa Chiromo, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja ya India. Ulendo wonsewu ndi wotsetsereka, ndipo madzi amchere alibe njira yokwerera mpaka kuno. Ku Gambia si choncho. Mtsinje wawo, umene umachokera kumapiri a Fouta Djallon ku Guinea, ukalowa m'dzikomo umayenda pamalo athyathyathya, ndiye nyanja nayo imapeza mpata. Kawiri patsiku madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa, ndipo akamakwera amakankhira madzi amchere mumtsinje, kulowera kumtunda.

Apa m'pamene density ya m'kalasi ija imagwira ntchito. Lita imodzi ya madzi akumwa imalemera magalamu 1,000, ya madzi a m'nyanja yamchere pafupifupi 1,025. Kusiyana kwake n'kochepa, eti? Koma n'kokwanira kuti madzi amchere azikonda kuyenda pansi, abwino pamwamba. Yesani kunyumba: sungunulani mchere wambiri m'kapu, muthiremo utoto pang'ono, kenako muthire pang'onopang'ono m'mphepete mwa botolo la madzi abwino. Autotowo akakhazikika pansi.

M'nyengo yamvula mtsinje umadzaza n'kukankha mchere uja kubwerera kunyanja. M'chilimwe umafooka, ndipo mchere umakwera makilomita oposa 200 kulowa m'dziko. Kwa mlimi wa mpunga nkhani ndi imeneyi, ndipo mpunga kumeneko uli ngati nsima kwa ife. Wolima kumtunda amatsegulira ngalande madzi akakwera, madzi abwino n'kulowa okha m'munda popanda injini kapena mafuta. Wolima kumunsi madzi ali pakhomo pompo koma m'chilimwe sangathirire nawo, chifukwa mchere umakoka madzi kuchoka m'mizu, mbewu n'kufota zili m'madzi. Mvula ikachepa chaka chimenecho, malire a mcherewo amasunthira kumtunda, n'kulowa m'minda imene inali yabwino.

Ndimamva ophunzira akudandaula kuti Malawi anamanidwa nyanja yamchere, ndipo dandaulolo ndi lomveka. Mafuta ndi feteleza wathu amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndiye mtengo wa thiraki kapena sitima ya pamtunda umabwera pamwamba pake. Ku Banjul sitima imaima m'tauni momwemo. Koma doko limenelo lili pamalo okwera mamita ochepa chabe pamwamba pa madzi. Madzi akatentha amafutukuka, monga tinaonera ndi botolo ndi kapaipi mu labu, ndipo nyanja zikutenthadi, komanso madzi oundana a kumalekezero a dziko akusungunuka. Madzi atakwera mita imodzi, pa Chonde sitingadziwe n'komwe, pamene ku Banjul mbali yaikulu ya mzindawo ingakhale m'madzi.