NYALI YOLAKWIKA IMAONONGA MASO A BULUZI WOWETA

M'madera ouma a pakati pa dziko la Australia mumapezeka buluzi wochedwa bearded dragon, ndiye kuti buluzi wa ndevu. Dzinali analipeza cifukwa ca mamba osongoka a pakhosi pake, amene amafufuma ndi kuda bii pamene wakwiya. Buluziyu ndi wa banja limodzi ndi gulo amene amagwedeza mutu pa mitengo ya m'midzi ya kuno. Amatalika kufikira masentimita 60, ndipo akasamalidwa bwino amakhala zaka 10 kapena kuposerapo.

Ku Britain, ku America ndi ku maiko ena anthu amaweta abuluziwa m'mabokosi a galasi m'kati mwa nyumba. Apa ndipo pagona vuto. Kwao kuthengo buluziyu amaothera dzuwa pa miyala ndi pa zitsa. M'kuwala kwa dzuwa muli ceza cosaoneka ndi maso cochedwa UVB, cimene cimathandiza khungu kupanga vitamini D3. Popanda vitaminiyu thupi silingatenge kashiamu m'cakudya, ndipo mafupa amafewa, nsagwada zimapindika, miyendo imanjenjemera. Cezaci sicidutsa galasi la zenera, cotero kuika bokosi pafupi ndi zenera sikuthandiza. Woweta ayenera kugula nyali ya magetsi yotulutsa UVB.

Koma mankhwala akacuruka amasanduka ululu. M'zaka za m'ma 2000 madotolo a ziweto anaona abuluzi ambiri otupa zikope, otsinzina tsiku lonse ndi okana kudya. Kunapezeka kuti nyali zina, makamaka zing'onozing'ono zopotanapotana, zinali kutulutsa ceza caukali cimene cinali kuwaula diso. Kupweteka kwake nkofanana ndi kumene amamva munthu wowocherera zitsulo popanda cochinga kumaso, usiku maso nkumanyereza ngati alowa mcenga. Nyali yotere ikazimitsidwa msanga, kawirikawiri maso amapola m'masiku owerengeka.

Cifukwa ca ici, odziwa nchitoyi amalangiza nyali yaitali ngati ndodo, yomangidwa pamwamba pa bokosi motalikira monga mwa malangizo a opanga. Fupa la pamwamba pa diso la buluzi limachinga kuwala kocokera kumwamba monga cipewa, koma nyali ya m'mbali imalasa m'diso mwenimweni. Nyaliyo iyake maola pafupifupi 12, ndipo usiku mukhale mdima. M'bokosi mukhalenso mthunzi wothawiramo. Malo oothera afunika kutentha pafupifupi madigiri 40. Nyali ya UVB imatha mphamvu pakapita miyezi 6 mpaka 12 ngakhale ikhale ikuwalabe, cotero iyenera kusinthidwa.

Si nyali yokha imene imadwalitsa maso. Mcenga woyala pansi pa bokosi umalowa m'maso. Kuperewera kwa vitamini A kumatupitsa zikope, pamenenso vitaminiyu wa m'botolo akapyola muyeso amavulaza. Ndico cifukwa cake buluziyu apatsidwe masamba obiriwira ndi maungu pamodzi ndi ziwala. Nthawi zina, makamaka pofundula, amatong'ola maso kwa kanthawi kocepa, ndipo imeneyi si nthenda. Koma diso likatseka masiku awiri kapena kutuluka mafinya, nkhani ndi ya dotolo wa ziweto.

Mlimi wa kumudzi saweta abuluzi, komabe nkhaniyi imukhudza. Anapiye otsekeredwa m'khola la mdima, namadya gaga wokha, amasowa vitamini D3 yemweyo ndipo amalemala miyendo. Cimene anthu a ku maiko ozizira amagula ndi ndalama m'sitolo, m'Zambia cimatuluka kum'mawa tsiku ndi tsiku kwaulere. Khola labwino likhale ndi bwalo lolowa dzuwa, ndi mthunzi pambali pake.