Kalata yafika, nanga zithunzi zatsalira kuti?

Kalata ya pa imelo imaoneka ngati tsamba limodzi, koma kawirikawiri siibwera yonse pamodzi. Mawu amafika okha. Zithunzi zina zimabweradi zitamatidwa m'kalatamo, koma zambiri, makamaka za m'makalata a mabanki, a makampani ogulitsa mbewu ndi feteleza ndiponso a mabungwe, zimatsalira pa seva ya wotumiza. M'kalatamo mumangolembedwa keyala ya kumene chithunzicho chili, ndipo pulogalamu yanu ndiyo iyenera kupita kukachitenga nthawi imene mwatsegula. Ikakana kupita, kapena ikapita n'kubwerako chimanjamanja, mumangoona kabokosi kopanda kanthu.

Kuno ku Domwe, m'chigawo cha Tete, nkhani zambiri zimayenda pa WhatsApp, koma alipo anthu amene sangaithawe imelo: mlembi wa pasukulu, wa pachipatala, wa bungwe la alimi a soya kapena kachewere, ndi mnyamata amene akudikira yankho lochokera ku sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongwe. Kwa anthu amenewa kabokosi kopanda kanthu si nkhani ya kukongola kwa kalata ayi. Makampani ena ali ndi chizolowezi choipa cholemba mitengo yonse pa chithunzi. Chithunzi chikasowa, kalata imangotsala ndi moni ndi dzina la woilemba.

Ambiri akaona zimenezi amati kompyuta yadwala. Nthawi zambiri siinadwale. Ikuchita dala, ndipo ili ndi chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti mwalandira kalata yokuuzani kuti katundu wanu ali kusitolo yakutiyakuti, mutume mwana akatenge. Mwanayo akangofika, mwini sitolo wadziwa zinthu zingapo popanda kufunsa: kuti kalata inakupezani, kuti mwaiwerenga, kuti mwaiwerenga lero nthawi yakuti, ndiponso dera limene mwanayo wachokera. N'zimene zimachitika pulogalamu yanu ikapita kukatenga chithunzi. Seva ya wotumiza imalemba nthawi, mtundu wa chipangizo chimene mukugwiritsa ntchito, ndi nambala ya IP imene imalozera dziko ndi kampani yanu ya netiweki. Otsatsa malonda anaitulukira kalekale njira imeneyi. Amaika m'kalata kachithunzi ka kadontho kamodzi, kosaoneka ndi maso, kokhala ndi keyala yake yake kwa munthu aliyense wolandira. Mu February 2021 wailesi ya BBC inafalitsa zimene kampani ya imelo ya Hey inapeza, kuti makalata awiri mwa atatu alionse ofika kwa makasitomala ake anali ndi kadontho kotere. Akuba a pa intaneti nawonso amakakonda, chifukwa kamawauza kuti keyala yanu ndi yamoyo, ndipo mawa amakutumizirani ena ambiri.

N'chifukwa chake Microsoft inayamba kutsekereza zithunzi zoterezi kuyambira mu Outlook 2003, ndipo pulogalamu ya imelo ya Thunderbird imatsekereza mpaka lero ngati simunailoleze. Google inasankha njira ina. Mu December 2013 Gmail inayamba kuonetsa zithunzi popanda kufunsa, koma imapita kukazitenga yokha kudzera pa maseva ake, kotero kuti wotumiza amaona keyala ya Google m'malo mwa yanu, ngakhale kuti angadziwebe kuti mwatsegula. Apple inachitanso zofananako mu 2021 pa iOS 15. Ndiye anthu awiri a mu ofesi imodzi angalandire kalata yomweyo, wina pa Gmail ya pa foni n'kuona zonse, wina pa Thunderbird n'kuona mabokosi okhaokha, koma palibe chipangizo chimene chaonongeka.

Kuli phindu lina limene opanga mapulogalamuwa mwina sankaliganizira kwambiri, koma kuno limamveka m'thumba. Kampani ya mafoni ya Movitel itayamba ntchito mu 2012 netiweki inafika m'midzi yambiri, koma mamega saperekedwa ulere. Kalata ya mawu okhaokha siidya kanthu. Kalata yotsatsa malonda yodzaza ndi zithunzi ingathe kudya megabaiti yathunthu kapena kupitirira. Ine sindingamulangize mlembi wa bungwe amene amagulira yekha mamega kuti atsegule zithunzi za aliyense. Alole za anthu amene amawadziwa, zinazo zizidikira kaye.

Pofufuza vuto, choyamba n'kusiyanitsa kukana ndi kulephera. Pulogalamu ikakana imanena. Mu Thunderbird mumatuluka kamzere pamwamba pa kalata konena kuti yatsekereza zochokera kunja, ndipo pa makompyuta a Chipwitikizi mumaona mawu akuti conteúdo remoto. Pambali pake pali batani lokupatsani zosankha: kuona zithunzi ulendo uno wokha, kulola zonse zochokera kwa wotumiza ameneyu, kapena kulola zochokera pa seva yakutiyakuti. Mu Outlook ya pa kompyuta mumadina kamzere kofananako, n'kuika wotumizayo pa mndandanda wa odalirika. Chosinthira chachikulu chili mu Trust Center, imene m'Chipwitikizi cha ku Portugal amailemba Centro de Confiança. Mu Gmail chili pa tsamba loyamba la masetingi, pamene pali nkhani ya zithunzi.

Kamzere kaja kakasowa koma zithunzi n'kusaonekabe, ndiye kuti kwachitika zina. Yang'anani kaye foda imene kalatayo ili. Kalata imene yagwera mu spam siionetsa zithunzi ngakhale mutalola zonse, ndipo Outlook imaisandutsa mawu okhaokha mpaka mutaibwezera ku bokosi lolandirira. Yang'ananinso kaonetsedwe ka kalata: Thunderbird ili ndi njira zitatu, HTML yeniyeni, HTML yosavuta ndi mawu okhaokha, ndipo zithunzi zakunja zimatuluka pa njira yoyamba yokha. Munthu wina amene anagwiritsa ntchito kompyutayo dzulo angathe kusintha zimenezi mosadziwa.

Kenako pali mamega. Bandulo ya WhatsApp ndi Facebook siilipirira zithunzi za m'kalata. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mawu a kalatayo akuoneka, ndiye amati intaneti ilipo. Komatu mawuwo anatsika dzulo, bandulo ina isanathe, ndipo akhala m'foni kuyambira pamenepo. Tsegulani tsamba lililonse pa Chrome. Likakana, siyani kuvutitsa masetingi.

Chovuta kuchizindikira ndi wotchi. Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'nyumba kuno anagulidwa atagwira kale ntchito kwina. M'kati mwa yambiri muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi kompyuta ikazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili zaka zingapo m'mbuyo. Maseva ambiri masiku ano amapereka zithunzi kudzera pa njira yotetezedwa ya HTTPS, ndipo chiphaso cha seva iliyonse chimakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Kompyuta yosokonezeka tsiku imaona ngati chiphasocho sichinayambe kugwira ntchito, ndipo imakana chithunzicho mwakachetechete. Makalata akale amaonekabe mawu okha, atsopano amayamba kuvuta kutsika. Mukakonza tsiku, zithunzi zimabwerera, koma mukazimitsa n'kuyatsanso vuto lija lilipo. Mankhwala ake ndi kabatire katsopano, kamene kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi mafoni, osati kufufuta Windows yonse monga amachitira akatswiri ena apamsika amene amalipiritsa ntchito yaikulu pa vuto laling'ono.

Mapulogalamu ena oteteza ku mavairasi amaimanso pakati pa kompyuta ndi intaneti n'kumatsekereza zithunzi. Ndipo mwina wotumizayo anachichotsa chithunzicho pa seva yake, pamenepo palibe chimene mungachite.

Tsopano vuto lachiwiri, limene limakwiyitsa kuposa loyamba: mwalola zithunzi, zaoneka, mawa mwayatsa kompyuta, zonse zabwerera mwakale. Funso lofunika pamenepa ndi limodzi: zimene munasankha zija zinalembedwa kuti, ndipo ndani angazifufute?

Pa Gmail ya pa Chrome kapena Firefox zimasungidwa kwa Google, osati pa kompyuta yanu. Zikabwerera mwakale, kawirikawiri ndiye kuti simunatsike mpaka pansi pa tsamba kukadina batani losunga, lolembedwa Guardar alterações kapena Salvar alterações. Tsambalo ndi lalitali, ndipo batanilo silioneka pa sikirini yaing'ono. Mwinanso munasintha pa akaunti ina, chifukwa kompyuta ya mu ofesi imakhala ndi maakaunti a anthu angapo otsegulidwa nthawi imodzi.

Thunderbird imasunga zonse pa kompyuta pomwepo, mu foda imene imatchedwa profile. Pa Windows mungaipeze podina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba %APPDATA%\Thunderbird\Profiles. M'menemo muli fayilo ya prefs.js, mmene mumalembedwa masetingi ambiri, ndi permissions.sqlite, mmene muli mndandanda wa otumiza amene munawalola. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi pulogalamu ili m'kati molemba, zimene munasintha posachedwa zingatayike, ndipo nthawi zina fayiloyo imaonongeka. Mukapeza fayilo yotchedwa Invalidprefs.js, dziwani kuti pulogalamuyo inalephera kuwerenga yakale, inaikankhira pambali n'kuyamba yatsopano. Damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, koma nyengo ya mvula magetsi amathimabe osatsanzika, ndipo amene amadalira sola amadziwa mmene batire limagonjera madzulo. Choncho mukasintha kanthu, tsekani Thunderbird bwinobwino, muitsegulenso, muone ngati chagwira. Laputopu ya batire lamoyo imapulumuka ku vutoli, kompyuta yapatebulo imafunika UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi.

Mu foda yomweyo yang'anani ngati muli user.js. Thunderbird siipanga yokha fayilo imeneyi, amaiika ndi munthu kapena pulogalamu ina. Zonse zolembedwamo zimawerengedwa nthawi iliyonse pulogalamu ikayamba, ndipo zimapondereza zimene inu munasankha. Mungasinthe kakhumi, mawa zidzabwerera. Itchuleni dzina lina, monga user.old, Thunderbird ili yotseka, kenako yesaninso. Onaninso ngati prefs.js siinaikidwe chizindikiro chakuti ndi yongowerenga, zimene zimachitika mafayilo akakoperedwa kuchokera pa CD kapena pa kompyuta ina. Mafayilo ambirimbiri a mayina ngati prefs-1.js ndi prefs-2.js amasonyeza kuti pulogalamuyo ikuyesa kulemba koma chinachake chikuiletsa, mwina pulogalamu ya mavairasi, mwina disiki yadzaza.

Pali tsiku lina loopsa kwambiri: mwatsegula Thunderbird, yakufunsani dzina ndi keyala ngati simunakumanepo, makalata onse palibe. Musathamangire kulira maliro. Kuyambira pa Thunderbird 68 ya mu 2019, pulogalamuyi ikaikidwa pamalo atsopano m'kompyuta imatha kudzipangira profile yatsopano, yakale ija ili chikhalire pambali pake. Mu foda ya Profiles mudzaona mafoda awiri kapena atatu, ndipo yaikulu kwambiri ndiyo yanu. Kulemba thunderbird -P pa kabokosi kaja ka Windows ndi R kumakupatsani mpata wosankha. Windows nayo ikalephera kutsegula akaunti yanu imakulowetsani mu yongoyembekezera, imene imafufutidwa mukatuluka, ndipo imakuchenjezani ndi kauthenga pakona kamene anthu ambiri amangokatseka osawerenga.

Ndiye pali kufufuta kochita kufuna. Mapulogalamu oyeretsa kompyuta, monga CCleaner, amachotsa zimene mwawauza kuti achotse, ndipo ambiri amachonga mabokosi onse poganiza kuti kuyeretsa kwambiri ndiko kuthamanga. Pa foni ya Android, batani lofufuta deta ya pulogalamu limabweza masetingi ake onse pa chiyambi, pamene lofufuta cache silitero. M'malo olipiritsa intaneti ndi m'zipinda za makompyuta za m'masukulu eni ake amakonda kuika Deep Freeze, imene imabwezera kompyuta mmene inalili nthawi iliyonse ikayatsidwa. Pamenepo palibe chokonza, ndipo ndi bwino kutero, chifukwa mawu anu achinsinsi satsalira wobwera pambuyo panu. Makompyuta operekedwa ndi boma kapena mabungwe amabweranso ndi malamulo a woyang'anira. Mukaona kabokosi kotuwa kokana kudinidwa, kapena uthenga wakuti pulogalamuyi ikuyendetsedwa ndi bungwe lanu, wofunika kumuimbira ndi wa zamakompyuta wa ku Ulongwe kapena ku Tete amene anaikhazikitsa, osati mnyamata wa pamsika.

Chomaliza chikukhudza ndalama. Popeza chithunzi chakunja chimakhala pa seva ya wotumiza, iye angathe kuchichotsa kapena kuika china pa keyala yomweyo kalata itafika kale. Mlembi wa bungwe la alimi amene analandira mitengo ya feteleza mu September angatsegule kalata yomweyo mu November n'kupeza mitengo ina, kapena kabokosi chabe, alimi atasonkha kale ndalama potengera yoyamba ija. Kalata yotero si umboni wodalirika pa mkangano. Mitengo, mapangano ndi malisiti muzipempha kuti zibwere ngati PDF yomatidwa ku kalata, chifukwa imeneyo ikatsika yatsika ndipo wotumiza sangaikhudzenso. Akakana, isindikizeni kalatayo pa pepala tsiku lomwelo zithunzi zili kuoneka, kapena muisunge ngati PDF pa fulashi, tsiku lake likuoneka pamwamba.