Jekete ya batire yafika pa siteji ya kabaza, koma chiperoni sichinagonje

June akangolowa, m'mafoni mumayamba kuyenda zithunzi za malonda a nyengo yachisanu: mabulangete, majuzi, zipewa zoluka ndi masokosi okhuthala. Masiku ano pakati pa zithunzizo pakuonekanso chovala chachilendo, jekete yopanda manja yokhala ndi kabatani koyaka pachifuwa, imene ogulitsa akuti imadzitenthetsa yokha ndi batire. Zovala zotere adazipangira anthu a m'maiko kumene madzi amaundana panja, monga omanga nyumba, alenje ndi oyendetsa njinga zamoto a ku Ulaya ndi ku America. Ku Chiradzulu madzi saundana, komabe amene adayimapo pa Njuli m'bandakucha wa mu July kudikira minibasi ya ku Limbe, nkhungu itaphimba phiri lonse la Chiradzulu, mvula yowaza ikulowa m'khosi, sangaseke munthu amene wayamba kufunsa mtengo wa chovala chimenechi.

Pa siteji ina ya kabaza m'mbali mwa msewu wa Blantyre–Zomba, pakati pa Njuli ndi Namadzi, pali mnyamata wina amene ali nayo kale. Adamutumizira ndi mkulu wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ntchito yake imayamba cha m'ma 4 koloko, kunja kudakali mdima, pamene amayi a geni akutuluka m'midzi ndi madengu a tomato ndi mpiru kuti akapeze galimoto zoyamba, alimi a ng'ombe nawo akuthamangitsa zigubu za mkaka usanasase. Mukamuona patali sasiyana ndi anzake. Kumutu ali ndi chipewa choluka chimene amachikanikiza m'kati mwa chisoti, m'manja magolovesi otha nsonga, pamwamba chijasi cha mvula chobiriwira chimene chidang'ambika m'khwapa ndipo adachisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Kusiyana kuli m'kati. Akatsegula zipi pang'ono pamaoneka jekete yakuda, yopyapyala moti simungaikhulupirire, ndi kabatani kofiira ngati khala la moto. M'thumba la m'kati muli pawabanki yomangidwa ndi kachingwe ka labala kuti isamagwedezeke m'mabampu. Ponyamuka amadina kabataniko mpaka kafiire, ndiko kuti kutentha kwafika pamapeto. Akayenda maulendo awiri kapena atatu amakadinanso, kamasanduka kabuluu, kutentha n'kutsika. Dzuwa likangoboola nkhungu, kaya ndi 8 kaya ndi 9 koloko, amazimitsa, n'kusolola pawabanki ija kuti aikeko foni. Anzake akakhala aunjikana pa moto wa makatoni ndi mapesi kuseri kwa golosale, iye amatsalira pa njinga, ndipo kasitomala woyamba kutsika minibasi amakhala wake. Ena amabwera kudzamugwira kumsana kuti amve ngati n'zoona, kenaka n'kubwerera ku moto kuja akupukusa mitu.

Chovalachi chilibe matsenga. Pakati pa nsalu zake ziwiri adasokereramo timawaya topyapyala, kawirikawiri kumsana ndi pachifuwa, nthawi zina ndi m'khosi. Magetsi akamadutsa m'timawayato timatentha, monga momwe waya wa m'mbale yophikira ya magetsi amatenthera, kungoti mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Zambiri zimene zikugulitsidwa zimayendera 5 volts, yomwe ija ya chingwe chotchajira foni. Apa mpomwe mantha oyamba a pa siteji paja amathera. Alipo amene amati mvula ikamunyowetsa mnyamatayu magetsi adzamugwira ali pa liwiro. Mphamvu ya 5 volts singagwire munthu, ngakhale manja atanyowa. Chimene madzi angawononge ndi pawabanki. Aliponso amene amanong'ona kuti kutenthako kumaumitsa magazi kapena kufooketsa abambo. Koma kutentha kwa waya n'chimodzimodzi ndi kutentha kwa botolo la madzi ofunda limene anthu amagona nalo. Chenjezo loona n'lakuti chovalachi asachigunditse pakhungu penipeni kwa maola ambiri chili pa moto waukulu, chifukwa chikhoza kuwaula khungu pang'onopang'ono munthu osamva. Malaya a m'kati amathetsa vutolo.

Mkangano umene sukutha pa siteji paja ndi wa ndalama. Akuluakulu a pa ntchitoyi, amene ayendetsa njinga zaka zambiri atapinda nyuzipepala kapena katoni pachifuwa, akuti jekete ya batire ndi chidole cha ana a m'tauni, ndipo ndalama yogulira chovalacho pamodzi ndi pawabanki yake ikhoza kugula chijasi chokhuthala, juzi ndi magolovesi pa kaunjika ku Limbe, chenji n'kutsala. Achinyamata akuti akuluwo akungokana chifukwa alibe, ndipo amaloza makasitomala amene mnzawo amatola iwo akuwotha moto. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma ikayikidwa pa sikelo, ya akuluakulu ndiyo ikulemera, ngakhale kuti chifukwa chake si chimene iwo amapereka.

Thupi la munthu wamkulu, ngakhale atangokhala osachita kanthu, limatulutsa kutentha kwa pafupifupi 100 watts. Jekete yoyendera pawabanki, itayatsidwa mpaka pamapeto, imawonjezerapo cha m'ma 10 watts basi. Ndiye kuti moto waukulu munthu amayenda nawo kale m'thupi, ndipo nkhani yagona pa kuusunga kuti usathawe. Pa njinga yamoto akuba moto umenewu alipo awiri. Woyamba ndi mphepo. Kunja kukakhala madigiri 10, monga zimachitikira m'mawa wina wa June ndi July kumtunda kuno, munthu wothamanga makilomita 50 pa ola amamva ngati ali pa madigiri 5 kapena 6. Wachiwiri ndi kunyowa, ndipo uyu ndiye woopsa pa chiperoni, pakuti madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo opitirira 20. Mvula ya chiperoni sibwera ndi mabingu kuti munthu abisale. Imangowaza tsiku lonse, nthawi zina masiku angapo, juzi n'kumamwa madziwo mwakachetechete. Munthu wovala jekete ya batire pamwamba pa malaya, popanda chotchinga mphepo ndi madzi, akutenthetsa msewu wa ku Zomba ndi batire lake. Mnyamata wa pa siteji uja akufunda chifukwa cha zinthu ziwiri, ndipo chachikulu mwa ziwirizo ndi chijasi chong'ambika m'khwapa chija, chimene palibe amene amabwera kudzachigwira. Katoni ya akuluakulu ija nayo imagwira ntchito yomweyo yotchinga mphepo, ingoipa kuti ikanyowa yatha.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, 10 watts ija ilibe phindu. Kumeneko n'kupitirira malire. Mlimi amene akugaula dimba m'mawa safuna batire, chifukwa khasu likangokwera ndi kutsika kangapo thupi limatentha lokha mpaka amavula juzi. Wakabaza amangokhala pa chishalo, miyendo ndi manja zili malo amodzi, mphepo ikumuomba. Thupi likazizidwa limachepetsa magazi opita ku zala kuti liteteze za m'kati, ndipo zala zimenezo ndi zomwe zikufunika kugwira buleki galu kapena mwana wa sukulu akadumphira mumsewu m'kati mwa nkhungu. Munthu wonjenjemera saongola bwino njinga, komanso amathamanga mopupuluma kuti akafike msanga pa moto. Kutentha pang'ono kumsana ndi pachifuwa, kukakhala kotsekeredwa bwino m'kati mwa chijasi, kumachedwetsa zonsezi. Sikulowa m'malo mwa magolovesi, koma pa maola atatu ovuta a m'mawa kumathandiza ndithu. Choncho chovalachi n'choyenera munthu amene wagula kale chijasi, juzi, magolovesi ndi nsapato zosalowa madzi. Amene akufuna kuyamba ndi icho wayamba ndi ndiwo ufa asanagule.

Maola atatu amenewa sitinangowatchula. Pawabanki yolembedwa 10,000 mAh, ikakhala yeniyeni ndiponso yodzaza, imayendetsa jekete yotere kwa maola atatu kapena kupitirira pang'ono pa moto waukulu, ndipo pa moto wochepa imatha kufika maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Kwa wakabaza wa m'mawa zimenezi zikukwana. Kwa mlonda sizikwana, chonsecho mlonda ndiye akadapindula koposa. Amuna ambiri a m'boma lino amapalasa njinga madzulo kukalondera nyumba ndi mashopu ku Limbe ndi ku Blantyre, kumene amakhala panja kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Chofunda chawo ndi mbaula. Kuzizira kukanyanya amailowetsa m'kanyumba ka pa geti n'kutseka chitseko, osadziwa kuti makala oyaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Jekete ya batire ilibe utsi, ndipo pa mfundo iyi yokha ikuposa mbaula kutalitali. Koma kuti ifike m'mawa pafunika mapawabanki awiri kapena atatu odzaza tsiku lililonse, zimene malipiro a mlonda sangakwanitse. Bwana amene ali ndi magetsi m'nyumba ndiye angagule ndi kumatchaja, ngati moyo wa munthu wa pa geti ukumukhudza.

Kutchaja ndiko kumene ogulitsa a pa foni satchula. Nyumba zambiri za kumudzi, kaya ku Namitambo, ku Nkalo kapena m'munsi mwa phiri, zilibe magetsi a mawaya. Zimadalira kasola kakang'ono ka padenga, kamene kamakwana mababu awiri ndi foni. Tsoka lake, masiku amene jekete ikufunika kwambiri ndi omwewo amene dzuwa silioneka. Chiperoni chikakhazikika, sola imangotulutsa mphamvu yochepa, ndipo pawabanki imodzi imadya magetsi okwana mafoni awiri kapena kuposa. Kukatchajitsa pa malo ometera tsitsi kumafuna ndalama tsiku ndi tsiku, ndiponso magetsiwo akhale kuti sanazime. Pamapeto pake munthu amasankha pakati pa msana wofunda ndi foni yamoyo, ndipo kwa wakabaza foni ndiyo imabweretsa makasitomala. Pamwamba pa izi pali chinyengo cha pa msika. Mapawabanki ena otsika mtengo amalembedwa manambala akuluakulu pamene m'kati muli timabatire tochepa. Pa foni bodzali limatenga nthawi kuti liululike, koma pa jekete limaonekera m'mawa woyamba, kabatani kakazima munthu asanafike n'komwe pa Mbulumbuzi. Ngozi yeniyeni ya chovalachi ilinso pomwepa. Batire la lithium likatupa, likaphwanyika pa ngozi kapena likalowa madzi, limatha kuyaka, ndipo apa limakhala lili m'thumba pafupi ndi nthiti. Lotupa ndi lofunika kulisiya tsiku lomwelo.

Wakabaza ali ndi njira imodzi imene mlonda alibe. Njinga yake imapanga magetsi ikamayenda, ndipo ambiri adaikitsa kale kasoketi kotchajira foni pa chiwongolero. Kasoketi kabwino kakhoza kudzaza pawabanki masana njinga ili pa ntchito, ngakhale kuyendetsa jekete yeniyeniyo. Pakufunika makaniko wodziwa amene aikepo fyuzi, chifukwa waya wolumikizidwa mwachisawawa pafupi ndi thanki ya petulo amaotcha njinga yonse, imene kawirikawiri imakhala ya bwana kapena ya ngongole. Ndiponso chingwe chochoka pa chiwongolero kupita m'thumba chizikhala choti chisololoke chokha munthu akagwa.

Pali mawu enanso amene amamveka pa moto paja, akuti makolo athu adakhala m'munsi mwa phiri lomweli popanda mabatire. N'zoona, koma makolowo sankathamanga makilomita 50 pa ola m'bandakucha, ndipo nkhuni ankangotola kuseri kwa nyumba. Lero Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, mitengo ya m'mapiri idachepa kwambiri, ndipo moto wa pa siteji ndi wa makatoni, mapepala a pulasitiki, mwina ndi tayala lakutha, zimene utsi wake umalowa m'chifuwa cha anyamata omwewo m'mawa uliwonse. Kufunafuna njira ina yofundira si ulesi.

Nyengo ya jeketeyi ndi yaifupi. Pofika kumapeto kwa August kumayamba kufunda, jekete imalowa m'chikwama mpaka May wa chaka chotsatira, pawabanki n'kupitiriza ntchito yake ya pa foni. Pochapa, batire lichotsedwe kaye, ndipo chovalacho asachipotokole pofinya kapena kuchimenyetsa pa mwala, chifukwa timawaya tija tikaduka m'kati telala sangatilumikize. Popeza mabelo ambiri a kaunjika amachokera kumaiko ozizira omwewo, mukamasankha majekete pa msika pisani dzanja m'thumba la m'kati. Mukapeza kachingwe kokhala ndi mutu wonga wa chotchajira foni, musakadule poyesa kuti ndi chilema cha chovalacho. Lumikizani pa pawabanki pomwepo, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu dzanja lili kumsana kwa jeketeyo, ndipo mukambirane mtengo mutamva kutentha.